Zimene ndinalemba m'kope mwana wanga atayamba risperidone

Pomwe adokotala amatiuza kuti mwana wanga ali ndi bipolar, matenda a maganizo omwe munthu nthawi zina amatakataka mopitirira muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri, n'kuti atatha masiku asanu akugona maola awiri okha usiku, kuyankhula osameza malovu. Anali ndi zaka 13. Anamulembera mankhwala otchedwa risperidone, amene bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku America linavomereza mu 2007 kuti ana a zaka 10 mpaka 17 odwala matendawa azimwa. Ine mtima unali pa mapiritsi basi, koma iwo anati, "Mayi, asanamwe ngakhale limodzi, tiyambe tamuyeza."

Anamukweza pa sikelo, anamuyeza msinkhu, chiuno ndi BP, ndipo m'mawa mwake tinabwerera asanadye kanthu kuti amutenge magazi oyezera shuga ndi mafuta. Ndinkaona ngati akutichedwetsa. Panopa ndimauza aliyense kuti asadumphe zimenezi, chifukwa popanda manambala oyambawo, ikatha miyezi itatu simudziwa chasintha n'chiyani. Ndinagula kope n'kumalemba zonse.

Anesi anandichenjeza za zinthu ziwiri zosadikira tsiku lobwerera. Choyamba, khosi kupindika lokha, maso kutembenukira m'mwamba kapena nsagwada kuuma, zomwe zimakonda kugwira anyamata m'masiku oyambirira. Chachiwiri, kutentha thupi kwambiri, minofu kulimba gwa, thukuta ndi kusokonezeka. Chimenechi n'chosowa koma chimapha, ndiye n'chothamangira kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Zonsezi zinatilambalala.

Chomwe chinabwera ndi tulo. Ankasinza m'kalasi, ndipo akadzuka mwachangu ankamva chizungulire. Adokotala anasinthira mankhwala kumadzulo, patatha sabata ziwiri zinachepa.

Kenako njala. Mwana amene ndinkachita kumukakamiza kudya anayamba kudzuka usiku kukavundukula miphika. Pofika sabata yachisanu ndi chitatu sikelo inali itakwera ndi makilogalamu 4. Ndinamukalipira kuti ndi dyera, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi. Njalayo ndi ya mankhwala, ndipo ana amanenepa nawo msanga kuposa akuluakulu. Kafukufuku wina wosindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2009, woyerekeza risperidone ndi mankhwala ena a mtundu womwewo, anapeza kuti pa sabata pafupifupi 11, ana omwa olanzapine ankawonjezera makilogalamu 8.5, a quetiapine 6.1, a risperidone 5.3, a aripiprazole 4.4. Tinasiya zakumwa zotsekemera nyumba yonse, osati iye yekha, n'kuyamba kuyenda limodzi madzulo.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachitulukira mochedwa. Anayamba kuvala juzi dzuwa likuswa mtengo, n'kumakana masewera. Ndinkaganiza kuti ndi kukhumudwa kuja kwabwera. Usiku wina anandiuza atayang'ana pansi, "Amayi, pachifuwa panga patupa ngati mtsikana." Anali atabisa kwa sabata zitatu. Risperidone amakweza mahomoni otchedwa prolactin, ndipo mnyamata amatha kumera mawere, mtsikana kusiya kusamba kapena kutuluka mkaka. Mwana wa msinkhu uwu sangayambe yekha nkhani yotere. Mufunseni poyera muli awiri, kapena mupemphe adokotala acheze naye inu mutatuluka.

Ndinafuna kutaya mapiritsiwo tsiku lomwelo. Mwamwayi ndinayamba ndaimba foni kwa adokotala, ndipo anandiletsa: kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda, nthawi zina mwamphamvu kuposa poyamba. Anayeza magazi, prolactin anapezeka wokweradi, ndipo anamusinthira ku aripiprazole pang'onopang'ono, uku akuchepetsa wakale uku akuwonjezera watsopano.

Patangotha masiku ochepa, mwana anayamba kuzungulirazungulira m'nyumba, osatha kukhala pampando ngakhale mphindi zisanu. Ndinati basi, matenda abwerera, ndipo ndinapita ndi maganizo okapempha kuti amuwonjezere mankhwala. Adokotala anatsegula kope langa lija, n'kuona kuti akugona bwino maola asanu ndi atatu. Anamufunsa, "Maganizo akuthamanga, kapena ndi miyendo ikukana kukhazikika?" Iye anati miyendo, ngati muli nyerere. Amati akathisia. Akanamuwonjezera, zikanangoipiraipira. Anachepetsa mlingo, ndipo m'sabata imodzi ankatha kukhala pansi n'kumaliza homuweki.

Tsopano timapita miyezi itatu iliyonse. Amamukweza pa sikelo, nthawi zina amamuuza atulutse lilime, atambasule manja ndi kuyenda pang'ono, pofuna kuona ngati milomo kapena zala zayamba kugwedera zokha, vuto lomwe limabwera munthu akamwa mankhwalawa nthawi yaitali ndipo nthawi zina silitha. Kutupa kwa pachifuwa kunaphwa. Mwa makilogalamu 4 aja, awiri akadalipo, ndipo kope amalemba yekha masiku ano, kupatula tsamba la njala, limene amati ndizilemba ine.