Ku Joni, kuseri kwa magalasi

Alamu anga amagwira ntchito ya saundi ku Joni, aja amavalika anthu timaikolofoni tobisika pa kolala, ndiye atandiimbira kuti pali pulogalamu ya reality, zija zotsekera anthu m'nyumba makamera nkumawajambula usana ndi usiku, ikujambulidwa ndipo abwana awo alola kuti ndikaone nawo m'mene zimakhalira kuseri, sindinachedwe, ndinangobwereka ya tikiti basi. Kunotu ine ndi wa maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a makwaya, kamera imodzi, edita ndine ndemwe, wotolera ndalama kwa ankhoswe ndinenso.

Msewu wake ambiri mukuudziwa. Kunyamuka ku Wenela m'mawa, kudinda pa Mwanza, Zobue, kenako Tete ndi kutentha kwake kuja koti ngakhale madzi a m'botolo amasanduka tiyi, kuoloka Zambezi, Nyamapanda, Harare tinadutsa usiku ine ndili mtulo. Pa Beitbridge ndiye pamene munthu umalapa machimo onse, mzere osasuntha, katundu yense pansi, azimayi a geni akungocheza zawo chifukwa iwo anazolowera kale. Pofika pa Park Station mapazi anali atatupa moti nsapato ndinachita kuponda kumbuyo.

Mawa lake tikupita ku ntchito alamu anandidutsitsa dala ku Highlands North, nkundilozera Sasani Studios. Akuti nyumba ya Big Brother Africa inali mommo mpaka inapsa mu September 2014, chaka chomwe Idris wa ku Tanzania anawina. Ine ndinangoti kakasi, mpanda wamba ngati wa fakitale, koma ndi malo amene anatigoneka mochedwa dziko lonse. Akuluakulu mukukumbuka 2003 kuli Zein Dudha, aphungu athu analetsa TVM kuonetsa pulogalamuyi ati ikuononga chikhalidwe, khoti lalikulu nkudzachotsa chiletsocho. Kenako Code mu 2007, Hazel mu 2008 amene anatsala pang'onong'ono kutenga ndalama zija. Tinkakangana m'maminibasi za anthu amenewa ngati abale athu, ndipo sindikumbuka wina atafunsapo kuti kodi amene akusankha zoti tione ndi ndani.

Pulogalamu yomwe ndinakaona sinditchula dzina, anandisainitsa chipepala pa geti ndipo foni inatsala mu loka. Anandipatsa malaya akuda. Ndimayesa ndi yunifolomu chabe, kumeneko ayi, kuseri kwa makoma a nyumbayo kuli kanjira kamdima kozungulira, kuli magalasi oti a mkati amadziona okha koma iwe kunja ukuwaona bwinobwino, ndiye ukavala choyera kapena ukayatsa kanthu uonekera. Ma kameramani amayenda monyang'ama mmenemo, kuyankhula ndi monong'ona, kutsokomola umachita kuthawira panja. Mtsikana wina anabwera kudzakonza nsidze pagalasi, mphuno yake ndi kamera kungosiyana chikhatho chimodzi, mkulu wa kamerayo osaphethira n'komwe. Ine mtima unali phaphapha ngati ndikuba.

Koma komwe ndinakhalitsa ndi ku control room. Khoma lonse masikirini, dairekita akungoitana manambala a makamera, wina akuyendetsa makamera a padenga ndi kandodo, alamu ali pakona ndi mahedifoni kumvetsera kuti batire la ndani likufooka. Kumbuyo kwenikweni kunali ka mzere ka achinyamata pa makompyuta, amawatcha ma logger, ndipo amenewa ndi amene anandisokoneza mutu. Ntchito yawo ndi kulemba chilichonse chomwe chikuchitika ndi nthawi yake yeniyeni, uje wanena chakuti, uje watuluka atakwiya, awiri aja akunong'onezana ku khitchini. Shifiti ya usiku anthu m'nyumba agona, logger ali maso kulemba kuti agona. Ndinakhala pafupi ndi mtsikana wina wa ku Soweto, zala zake pa kiyibodi simungazione, akumva chizulu, chisuthu ndi chizungu zosakanikirana m'chiganizo chimodzi nkumalemba zonse osafunsa mnzake. Anandiuza kuti zilankhulozo ndi zomwe zinamulowetsa ntchito, pepala la ku koleji analifunsa pambuyo.

M'mawa kumabwera ma story producer, iwo saonera maola onse aja, angathe bwanji, amawerenga zomwe ma logger alemba nkusankhamo ngati mayi akusankha nyemba pa lichero. Tsiku lathunthu la makamera onsewo likatuluke ola limodzi kapena kuchepera. Ndinaona ndi maso anga mkangano wa shuga, shuga weniweni wa mu tiyi, womwe unatha mwamtendere anthu nkuseka, koma pofika madzulo ataudula, kuika nkhope ya wina akuyang'ana kumbali ndi kanyimbo koopsa pansi, unali ngati nkhondo. Sananame, zonse zinachitikadi, kungoti kuseka kuja anakusiya. Ineyo pamenepa sindinagwirizane nazo kwenikweni, mwana wa eni ake mawa atukwanidwa pa Facebook chifukwa cha shuga, koma nditanena alamu anangoseka amvekere "alamu, inu pa ukwati mumaika pomwe apongozi akukanganirana ndalama za pelekanipelekani?" Ndinakhala chete kkkk.

Nthawi ya lanchi ndinkafunsa aliyense kuti anayamba bwanji. Ochepa anadutsa ku sukulu za mafilimu ngati AFDA ya ku Auckland Park, ambiri anayamba ngati runner, wotumidwa kukagula mabatire, kunyamula zingwe, kupanga khofi, nkumaonetsetsa kuti dzina lako lili pa call sheet, pepala la mayina a ogwira ntchito mawa. Ukakhala wosachedwa, wosadandaula komanso wotseka pakamwa, wina amakutenga pa pulogalamu yotsatira, nkukhala logger, mwina kenako wothandizira edita. Palibe intavyu yeniyeni, ndi foni basi, "uli free mwezi wamawa?" Ndipo musanamizidwe ndi ma selfie a pa seti, ntchitoyi ndi ya makontilakiti, sizoni ikatha aliyense kwawo, alamu pena amakhala miyezi akungodikira foni lendi ikuwerenga. Komanso kwa ife obwera nkhani ya pepala ndi yaikulu, chidindo cha mlendo chomwe amakupatsa pa boda si chogwirira ntchito, makampani a TV amafuna permit asanakulembe, nchifukwa chake ine ndinali woonerera chabe, chingwe chokha ndinagwirako pomwe wina anapita ku toileti.

Amene anandipatsa nzeru yogwirika ndi edita wina wachikulire wa ku Zambia, tinkayankhula chinyanja anzake nkumatiyang'ana. Anati mwana wanga usathamangire kuno, yesa kaye MultiChoice Talent Factory, sukulu yake ya mafilimu ya kumwera kuno ili ku Lusaka, inayamba mu 2018 ndipo a Malawi amatengedwa. Anatinso ndisiye kutumizira anthu vidiyo ya ukwati ya maola atatu, ndidule mphindi zitatu zokhala ndi nkhani, chiyambi ndi mathero, ndi zomwe mabwana amaonera.

Ndabwerako sabata yatha, njira yomweyo, Beitbridge yomweyo. Loweruka ndili ndi chinkhoswe ku Chilomoni ndipo ndamuuza kale mphwanga kuti abwere ndi kope ndi wotchi, akhala pambali pa kamera kulemba nthawi ya chilichonse, ndimulipira ya sopo. Akuti ndiwonjezere ya data.