Tchipisi chinatigwetsa, kondowole wa apongozi ndiye anatidzutsa

Anthu akamadya pano amaganiza kuti kondowole ndi amene tinayambira, ayi ndithu. Ife tinatsegula kamalo kathu kodyera pa Nkhotakota boma, m'mbali mwa msewu wa M5, mtima uli pa tchipisi ndi nkhuku, zija za mtauni. Mpamba unali ngongole ya ku banki m'khonde, bambo akunyumba anawonjezerapo ya mpunga omwe anagulitsa, tinagula chiwaya, mabenchi awiri ndi tebulo, basi bizinesi yayamba.

Zinayendako mpaka 2022. Mafuta ophikira anakwera koopsa, mu Meyi kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti, ndiye inu mukudziwa mmene tchipisi chimamwera mafuta, komanso mbatatesi kuno kotentha sitilima, imachita kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu uko, thiransipoti ili pamutu pako. Ndimati ndikawerengera madzulo, kuchotsa ya mafuta, ya mbatatesi, ya nkhuni, chotsala ndi utsi m'maso basi.

Nthawi yomweyo apongozi anga anali atabwera kudzatithandiza kulera mwana. Iwowo tchipisi sankachifuna n'komwe, amati zokazinga sizikhala m'mimba, ndiye masana amadziphikira zawo kuseri kwa shopu, kondowole, chigwada chotendera ndi usipa wofutsa. Tsiku lina kunaima thiraki yochokera ku Dwangwa, dalaivala wakhala pabenchi, akununkhiza uku ndi uku.

"Achemwali, fungo ili likuchokera kuti?"

Ine manyazi, ndikuti ndi za amayi izo, zakumudzi.

"Zomwezo ndipatseniko, tchipisi ndatopa nacho."

Apongozi anagawa mtanda wawo, munthu uja anadya mpaka kunyambita zala, thukuta kamukamu, ndipo mtengo anachita kutchula yekha chifukwa ine sindimadziwa kuti ndinene zingati kkkk. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri.

Vuto linali loti ine kondowole sindimatha kuphika bwino, kwathu ndi kumtunda, ndinakulira ufa woyera ndi mgaiwa. Ndinayamba ngati nsima ya chimanga, kuyika phala kaye kuti lithakathake, zinatuluka zinthu zoti ngakhale galu anangoyang'ana. Apongozi anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Mwana wanga, uyu safuna phala, madzi awire kaye kwambiri." Madzi akawira mumachotsa poto pamoto, kuyika pansi, kuipana ndi mapazi, kuthira ufa n'kuyamba kuvundula msangamsanga madzi asanazizire, ndipo apa pamafunika mphamvu zenizeni chifukwa amanamatira ngati ulimbo, mukazengereza aphuka mibulu ndipo mkati mukhala mwamuwisi. Mithiko ndathyola itatu ine. Nchifukwa chake sitiphika mpoto wamkulu ngati nsima inayi, timaphika pang'onopang'ono munthu akaitanitsa, wofulumira ndimamuuziratu kuti adye mpunga.

Koma kukoma kwa kondowole kumayambira kutali, pa ufa. Chinangwa chake ndi chowawa chija ngati gomani, osati manyokola amene timangotafuna kapena kuphika mmawa ndi tiyi. Amachisenda, kuchivika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe kuti kuwawa ndi poizoni zichoke, nthawi yozizira chimachedwerapo, kenako kuchapa, kuyanika pathandala, chikauma kusinja ndi kusefa. Amene wavuula msanga ufa umawawa ndipo ukhoza kudwalitsa anthu, amene wayanika kunja kuli mitambo ufa umada ndi kununkha chuku. Ndinagulapo thumba lotero kwa munthu wina pamsika chifukwa chotchipa, ndinataya lonse, kuyambira pamenepo ndimaoda kwa amayi awiri okha akumudzi kwa apongozi, ndipo ndimanunkhiza kaye ndisanapereke ndalama.

Ndiwo ndiye zimatilamulira ndi nyanja, ife timangotsatira. Mwezi ukawala usipa umasowa, paja asodzi amaukopa ndi nyali usiku, ndiye kumwamba kukayera nyali ilibenso ntchito. Mwera ukayamba cha mu Juni ndi Julayi mabwato amakhala kumtunda masiku angapo, mtengo wa nsomba umakwera nthawi yomweyo. Poyamba ndimangodandaula, pano ndinaphunzira, mdima ukakhala wabwino ndimagula usipa wambiri n'kusunga wouma, chambo chikavuta bambo akunyumba amalawirira ku kanyanja ka Chia kukaona zomwe zatuluka, kaya ndi mlamba kaya kampango timaphika zomwezo. Chambo sindichulutsa zinthu, tomato, anyezi, mchere, timafuta pang'ono, moto wa makala wofatsa, osatakasa ndi chipande, kungogwedeza poto. Anthu ena amathira zokometsera zambirimbiri mpaka nsomba osamvekanso kuti ndi nsomba, ine zimenezo ayi.

Chigwada chokha mpaka lero ndi dipatimenti ya apongozi. Amasinja masamba mumtondo, kuwiritsa nthawi yaitali, nsinjiro amathira kumapeto ndipo safuna zogula m'mapepala, amati mtedza usinjidwe tsiku lomwelo. Ndikayesa kuphika ine amalawa n'kungoti "chapsa", osawonjezera mawu, ndimadziwa kuti sindinakhoze.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwanso ndi 44 peresenti tinamva kuwawa ngati wina aliyense, koma sitinatseke, chifukwa zambiri zomwe timaphika ndi zapompano, chinangwa, nsomba, mtedza, ndi mpunga wathu wa faya uja umanunkhira mpaka kumsewu. Ngongole ya ku banki m'khonde tinamaliza, mabenchi pano alipo asanu, tinalembanso mtsikana wothandiza kutsuka mbale.

Alendo ochokera ku Lilongwe ndi amene amandisangalatsa, amafika ndi mafoni kujambula mbale kaye, kenako kulimbana ndi kondowole akufuna kumutafuna ngati nyama. Apongozi amawayang'ana ali pa mpando wawo pakhomo la khitchini, kenako amvekere, "Bambo, ameneyo satafuna, tsinani pang'ono, sunsani mu msuzi, mezani." Chiwaya chija chilipobe kuseri, ana amakazingiramo chimanga.