Liwu loti journal: wa kafukufuku, wa akaunti ndi makaniko samva chimodzi

Mphunzitsi wa ku koleji akanena kuti mugwiritse ntchito ma journal polemba, sakunena nyuzipepala ayi, ngakhale Wall Street Journal, yomwe inayamba mu 1889, ili ndi dzinalo pamutu. Akufuna zolemba za kafukufuku zomwe akatswiri ena amaziunika kaye zisanasindikizidwe, monga za mu Malawi Medical Journal. Ma journal a kafukufuku anayamba mu 1665, pomwe Journal des sçavans inatuluka ku Paris, ndipo Philosophical Transactions inatuluka ku London. Potchula nkhani ya mu journal pa zolemba zanu mumalemba wolemba, chaka, mutu wa nkhani, dzina la journal, volume, issue ndi masamba. Ambiri amalemba dzina la journal lokha n'kusiya mutu wa nkhani, ndiye wochonga amasowa poyambira kuifufuza.

Chisokonezochi chili ndi gwero lake. Liwuli linachokera ku Chilatini, diurnalis, kutanthauza cha tsiku ndi tsiku, ndipo linadzera m'Chifalansa, momwe jour ndi tsiku. Mpaka lero Mfalansa akati journal akunena nyuzipepala. Kabuku komwe wophunzira unamwino amalembamo zomwe waona ku wodi tsiku lililonse nakonso n'ka banja lomweli.

Kwa wa akaunti, journal ndi buku loyamba kulembamo ndalama zisanapite mu leja, buku lalikulu la maakaunti. Grosale ikatenga shuga wa K50,000 pa ngongole, mumalemba deti, debit (mbali ya kumanzere) ku Purchases, akaunti ya katundu wogulidwa, credit (mbali ya kumanja) ku dzina la wogulitsa, kenako mawu ochepa ofotokoza pansi pake. Apa pali msampha: mukatembenuza mbali ziwirizi, trial balance, mndandanda woonera ngati ma debit onse akufanana ndi ma credit onse, imagwirizanabe bwinobwino, chifukwa manambala ake ndi ofanana. Cholakwacho chimadzaululika mochedwa, wogulitsa akatumiza sitetimenti yake.

Wa ku galaja yekha ndiye sanena za kulemba n'komwe. Kwa iye journal ndi malo osalala pa crankshaft (chitsulo chachitali chozungulira cha mu injini) omwe amazungulira mkati mwa bearing (kachitsulo kochirikiza crankshaft), atakhala pa oyilo wopyapyala kwambiri. Oyilo akachepa kapena akalowa mchenga, chitsulo chimakhula chinzake, journal imakandika mizere, injini n'kuyamba kugogoda pansipansi. Makaniko amayeza journal ndi micrometer, chida choyezera makulidwe, malo angapo kuti aone ngati idakali yobulungira. Ikadyeka amakaipala pa makina, nthawi zambiri ndi 0.25 mm kapena 0.50 mm, n'kugula bearing yokhuthala ya muyeso womwewo. Mukaikamo bearing ya standard (ya muyeso woyamba) pa journal yopalidwa, mpata umakula, mphamvu ya oyilo imatsika, ndipo kugogoda kuja kumabwerera.