Kamu Yayitali pa Masipuling'i Otopa

Lolemba m'mawa, ndisanavale n'komwe ovolosi, Corolla yoyera inali itaima kale pagalaja pathu pa Boma la Mchinji. Mwini wake ndi mnyamata wogula mtedza ndi soya cha ku Kamwendo, ndipo galimotoyi amaisamala ngati khanda. Ili ndi injini ya 4A-GE ya mavalavu 16, ija Toyota inayamba kupanga mu 1983 mothandizana ndi a Yamaha. Ndi ya malita 1.6 okha, koma ikakhala bwinobwino imapyola maulendo 7,000 ozungulira pa mphindi imodzi osadandaula.

"Madala, ikangofika 6,000 ikutsamwa," anatero. Anali atasintha kale mapulagi kawiri, koilo, ngakhale pampu ya petulo yomwe anakagula ku Chipata. Ndalama zinapita, vuto lili pompo. Nditailiza ndinamva kaphokoso kouma m'hedi, mutu wa injini momwe mumakhala mavalavu, kuti tche tche tche, kosiyana ndi kulira kwa mavalavu ongofuna kuchuna. Titayeza mphamvu ya masilinda, atatu anali ofanana, koma yachitatu inali yofooka kwambiri.

Lachiwiri tinatsegula chivundikiro cha pamwamba. Mu injiniyi kamu, chitsulo chozungulira cha mphuno zotsegula mavalavu, imakankha valavu kudzera pa kachitsulo kobulungira ngati khobidi, kamene timati shimu. Geji yoyezera mpata wa pakati pa kamu ndi shimu inalowa bwino m'malo ambiri: buku la injiniyi limafuna 0.15 mpaka 0.25 mm mbali yolowera mpweya ndi 0.20 mpaka 0.30 mm mbali ya utsi, injini ili yozizira. Valavu imodzi ya utsi pa silinda yachitatu ndiyo inali ndi mpata waukulu, kusonyeza kuti sinkabwerera mpaka pampando pake. Mashimu angapo anali okandika m'mphepete. Apa m'pamene ndinayang'anitsitsa makamuwo, ndipo mphuno zake zinandionekera zonenepa zachilendo.

Ndinamuimbira foni. "Achimwene, makamu awa ndi obadwa nayo galimotoyi?" Anayamba wakhala chete, kenako n'kuulula kuti mnzake anamubweretsera kuchokera ku Johannesburg, ndipo wina anangowamangirira, masipuling'i obweza mavalavu osawakhudza.

Tsiku limene ndinagwira ntchito yeniyeni ndi Lachitatu. Kuti udziwe kuti kamu ikutsegula valavu motani, umayeza ndi vernier, chida choyezera tinthu ting'onoting'ono, kutalika kwa mphuno yonse, n'kuchotserapo kukula kwa mbali yobulungira. Ndinapeza 9 mm, pomwe kamu yobadwa nayo sifika ngakhale 8. Kungomva, kusiyana kwa milimita imodzi ndi theka si kanthu, koma m'hedi mulibe malo osewerera. Titatsitsa hedi tinapeza sipuling'i ya valavu ija itaduka chakumunsi, valavuyo itapindika pang'ono, ndipo pamwamba pa pisitoni panali kachipsera ngati kachikhadabo pomwe zinagundana.

Ndinaitana mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, n'kumupatsa sipuling'i ina yosaduka kuti ayang'ane padzuwa. Pakati pa mikombero yake panali mizere yowala ngati yopukutidwa ndi mchenga. Sipuling'i yoyenda bwino sikhala choncho, chifukwa mikombero yake sikhudzana. Tinaifinya pa vayisi mpaka itatsekeratu, n'kuyeza: 25.6 mm. Ikamangidwa m'hedi imakhala pa 34.7. Ukachotsapo ma 9 a kamu, n'kubwezerapo kampata ka geji, umatsala ndi malo osakwana theka la milimita isanafike pa 25.6 paja potsekeratu, pomwe ife timafuna pasachepere imodzi, makamaka imodzi ndi theka. Ndiye ganizirani: kamu imazungulira theka la liwiro la injini, choncho pa 7,000 valavu iliyonse ikutseguka ka 3,500 pa mphindi imodzi. Chitsulo chikamenyana chokhachokha kambirimbiri chotere chimatopa, mapeto ake n'kuduka.

Panalinso lina. Masipuling'iwo anali okalamba. Yatsopano imatalika pafupifupi 41 mm, koma ena mwa awa anali atafupika kufika 39 ndi theka. Makina oyezera mphamvu ya sipuling'i tilibe, ndiye timaika sikelo pansi pa chobowolera chapatebulo n'kufinya sipuling'i mpaka muyeso wake wa 34.7 mm uja. Ena ankangofika makilogalamu 12, pomwe pafunika cha m'ma 15 kapena 16. Sipuling'i yofooka imalephera kubweza valavu msanga injini ikathamanga, valavu imatsalira m'malere kamu itapita kale, mphamvu n'kumathawa. Kutsamwa kwa pa 6,000 kuja kunayambira apa, mapulagi analibe mlandu.

Lachinayi mwini wake anabwera ndi nzeru yomwe anapatsidwa kwina, yoti tingoika mawashala pansi pa masipuling'i kuti alimbe. Ndinakanitsitsa. Washala imawonjezadi mphamvu, koma imadya malo omwewo amene akusowa kale, ndipo zikanaduka asanafike n'komwe pa Namitete. Ndinamuuza kuti njira n'ziwiri: aitanitse masipuling'i opangidwira kamu yayitali, tidzayezenso mpata wa pisitoni ndi valavu komanso kuona ngati mashimu sangalavulidwe, apo ayi tibwezeretse makamu akale. Nkhope inagwa ndithu, poti kulira kwa kamu yayitali kuja n'komwe kunkamusangalatsa. Mwamwayi akalewo anali asanataye, anali m'thumba kuseri kwa matumba a soya.

Lachisanu mnyamata wanga anakwera minibasi ya ku Lilongwe n'kubwera ndi hedi yakale ya mtundu womwewo. Tinasankhamo masipuling'i mmodzimmodzi pa sikelo, tinapera valavu pampando pake ndi manja, ndipo magetsi atazima madzulo tinamalizira ndi tochi.

Loweruka m'mamawa, akabaza asanachuluke, tinalowa mumsewu wa M12. Mu giya yachiwiri muvi unadutsa 6,000 ngati palibe kanthu, mpaka 7,000 injini ikuyimba mawu amodzi. Makamu a ku Johannesburg aja ndawapaka oilo, ndawakulunga m'nyuzipepala, ali pashelefu. Akuti akagulitsa soya aitanitsa masipuling'i ake, ndipo ndamuuza kuti akafika abwere nawo kuno ndiyambe ndawayeza.