Zimene ndaphunzira posema nyambo za mtengo zowedzera m'nyanja yamchere

M'mwezi wa Juni malume anga, amene amagwira ntchito ku Nacala, m'mphepete mwa nyanja yamchere m'dziko la Mozambique, anabwera kudzationa kuno ku Zomba atanyamula kansomba kamtengo kong'aluka pamimba, kodzaza ndi zipsera za mano, komwe mbedza zake zinali zitadyeka ndi dzimbiri. Anakaika pa benchi pamene ndimaphunzira ukalipentala n'kunena kuti, "Mphwanga, zimenezi kunyanja kuja n'zodula, ndipo nsomba zimandithyolera mwezi ndi mwezi. Kodi sungandisemereko zitatu?" Ndinavomera mofulumira, poganiza kuti munthu amene wapanga kale mipando ndi mafelemu a zitseko sangavutike ndi kathabwa ka masentimita 15. Pamene ndikulemba pano papita miyezi inayi, ndipo mwa nyambo khumi ndi imodzi zimene ndasema, zitatu zokha ndi zimene ndinalimba mtima kuzitumiza.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo. Nyambo imene ndinakula ndikuidziwa ndi nyongolotsi, ngumbi kapena kambamu ka nsima, ndipo asodzi amene ndinawaonerera ali pantchito ndi a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba, makumba ndi milamba. Choncho ndinayamba ndi kufunsa malume kuti nsomba imalumiranji mtengo wopanda fungo ndiponso wosakoma. Anandifotokozera kuti nsomba zolusa, monga giant trevally, imene ikhoza kupitirira makilogalamu 50, ndi barracuda ya mano ngati misomali, zimasaka ndi maso komanso pomva kugwedezeka kwa madzi. Nyambo imene anabweretsayo ndi ya mtundu wa popper, yokhala ndi kukamwa kokumbika ngati kambale, ndipo msodzi akaikoka modzidzimutsa imathovola madzi ngati kansomba kovulala. Mtundu wina ndi stickbait, wosongoka kutsogolo, umene umayenda mokhotakhota. Powerenga ndinapezanso kuti Lauri Rapala, msodzi wa ku Finland amene dzina lake lili pa nyambo zogulitsidwa m'mayiko ambiri, anasema yake yoyamba mu 1936 ndi mpeni, n'kuikuta ndi kapepala konyezimira kokulungira chokoleti. Nkhani imeneyi inandichotsa manyazi a zida zanga zochepa.

Posankha mtengo ndinathandizidwa ndi aphunzitsi anga a ukalipentala, bambo achikulire osalankhulalankhula. Nditatenga chidutswa cha mlombwa chifukwa cha kukongola kwake, anachiyeza m'dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, chimenechi chalemera kale, nanga mtovu udzauika pati?" Ankanena zoona, pakuti nyambo imafuna mtengo wopepuka kuti mmisiri akhale ndi mpata woikamo kulemera pamalo amene iye wasankha. Paini wochokera kuphiri kuno ndi wosavuta kupeza, koma mfundo zake ndi utomoni zimasokoneza mpeni ndi penti. Malaina ndi amene anandikomera, chifukwa amasemeka mofewa ndipo akauma sang'aluka wamba. Mkungudza, ngakhale suwola msanga m'madzi, sitinauganizire n'komwe, popeza mtengowu watsala pang'ono kutheratu paphiri la Mulanje.

Nyambo zanga zinayi zoyambirira zinali zokongola kunja koma zopanda ntchito. Ndinangopotokolera timphete ta sikuluwu kumphuno, pamimba ndi kumchira, ndipo nditamangirira imodzi ku nthambi ya mango n'kulendewetsapo ndowa ya madzi, kamphete kanazuka pamodzi ndi nyama ya mtengo. Pamenepo m'pamene ndinatenga nyambo yong'aluka ya malume ija n'kuiyang'ana m'kati mwachifatse. Ndinapeza kuti muli waya mmodzi wochokera kumphuno mpaka kumchira, wopindidwa kuti apange timphete tonse titatu, kotero kuti ngakhale nsomba itaphwanya mtengo wonse, mbedza imakhalabe yolumikizika ku chingwe cha msodzi. Kuyambira tsikulo ndimacheka thabwa pakati m'litali, n'kukumba kanjira ndi tchizulo kakang'ono, n'kugonekamo waya, kenako n'kumata mbali ziwirizo ndi guluu wa epoxy ndisanayambe kusema. Wayanso si aliyense. Wagalata amene ndinaunyika m'madzi amchere n'kuusiya panja unachita mawanga ofiira pamene pulayala inaukanda. Wofunika ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri msanga chotchedwa stainless steel, makamaka wa nambala 316, umene anasakanizamo chitsulo china chotchedwa molybdenum chothandiza kuti mchere usauboole. Umenewu malume anachita kunditumizira.

Phunziro limene linandigwira mtima kwambiri ndi la kulemera. Nditaboola mabowo pamimba n'kuikamo mtovu, ndinapita ndi stickbait yanga ku damu la nsomba la mnzanga ku Domasi, ndipo inkamira pang'onopang'ono monga momwe malume anafunira. Nditawatumizira vidiyo pa WhatsApp anangofunsa kuti, "Madziwo ndi amchere?" Funsoli linandibwezera ku phunziro la Archimedes la kusekondale, limene ndinaliloweza pofuna kukhoza mayeso basi. Chinthu chikakhala m'madzi chimakankhidwira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Lita imodzi ya madzi akumwa imalemera pafupifupi magalamu 1,000, pamene ya m'nyanja yamchere imalemera pafupifupi 1,025, chifukwa muli mchere wokwana magalamu 35. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma nyambo imene imasuntha madzi a mamililita 100 ndipo ikulemera magalamu 101 idzamira ku Domasi n'kukayandama ku Nacala. Poyamba ndinaganiza zokayesera ku Chilwa, popeza nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo ndipo madzi ake amamvekera kamchere, koma mchere wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa nyanja ya Indian Ocean.

Chimene ndinachita ndi kugula mchere wa mibulu mumsika wa Zomba, kuyeza magalamu 700 pa sikelo ya kukhitchini, ndi kuwasungunula mu ndowa ya malita 20. Amayi ataona anandifunsa ngati ndikufuna kufutsa ng'ombe yathunthu. Nyambo imene inamira bwino ku Domasi ija inangoti yandaa pamwamba, msana uli kunja. Ndinayamba kumata tizidutswa ta mtovu pamimba ndi selotepi, galamu imodzi imodzi, ndikulemba m'kope kulemera kwake ndi malo ake, mpaka inayamba kutsika itagona mowongoka. Mu ndowa imeneyi ndinaonanso kuti malo a mtovu ndi ofunika kuposa kuchuluka kwake. Ukakhala pansi penipeni pa mimba, nyambo siitembenuzika chagada. Ukasunthira kumchira, popper imakhala m'madzi mphuno ili m'mwamba ndipo imaponyeka patali osazungulira mumlengalenga. Kusuntha bowo ndi sentimita imodzi yokha kunkasintha kakhalidwe konse. Ndinaphunziranso mochedwa kuti poyesa pamafunika kumangirira mbedza ndi timphete take, chifukwa nazonso zimalemera, ndipo nyambo ziwiri zinawonongeka chifukwa choiwala zimenezi. Mtovu ndi poizoni, choncho ndimaudula ndi kuusula ndi hamala panja m'malo mousungunula, ndipo ndimasamba m'manja ndisanagwire chakudya.

Za penti sindinena zambiri, ngakhale kuti ndi zimene anzanga amayamba kuyamikira. Chachikulu ndi kutseka mtengo kuti usamwe madzi, chifukwa ukamwa umatupa, penti imasweka, ndipo kulemera kumene unayeza mosamala kuja kumasintha. Ndimapaka epoxy wopyapyala poyamba, kenako penti yoyera pamimba ndi yobiriwira kumsana, n'kumalizanso ndi epoxy kawiri. Pouma pamafunika kuitembenuza nyamboyo kawirikawiri kuti epoxy asaunjikane mbali imodzi, ndipo usiku wina ndinakhala pakhonde ola lathunthu ndikuizunguza ndi dzanja ngati wowotcha chimanga.

Zitatu zija zinafika ku Nacala mwezi watha. Malume anena kuti popper imodzi yagwira kale nsomba ziwiri ndipo waya sunasunthe, pamene inzake imathovola madzi mofooka chifukwa kukamwa kwake sindinakukumbe mokwanira. Stickbait ikugonera mbali imodzi akaikoka mofulumira, chinthu chimene mu ndowa sichikanaoneka popeza mulibe mtunda wokokera. Ndikukayikira kuti kamphete ka kumphuno kanapendekera pang'ono pamene ndinkamata mbali ziwiri zija, choncho ndawapempha kuti akapinde pang'ono ndi pulayala n'kunditumiziranso vidiyo. Pa benchi pali kale zidutswa zina ziwiri za malaina zochekedwa pakati, ndipo ulendo uno mzere wa waya ndaujambula ndi rula.