Chigubu cha zitosi

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuuza anthu kuti ndinasamba zitosi za nkhuku, lekani ndifotokoze ndekha, chifukwa iye akumakokomeza. Sindinasambe ayi. Zinandisambitsa.

Kapangidwe ka manyowa amadzi n'kosavuta: zitosi m'thumba, thumba m'madzi, kudikira masabata awiri kapena atatu, uku ukutakasa. Chimene palibe anandiuza n'chakuti potsekera umasiya mpata. Ine poopa fungo ndi ntchentche, ndinathira zonse m'chigubu cha malita 20, n'kumanga chitsekero mpaka dzanja kuwawa, n'kuchikhazika padzuwa kuti zipse msanga. Zinthu zikamawola zimatulutsa mpweya. Zimenezi pano ndikuzidziwa kuposa aphunzitsi a sayansi.

Tsiku la 21 ndinachipeza chigubucho chitatupa ngati chule wokwiya. Wina akanabwerera m'mbuyo. Ine ndinati zatheka, mphamvu yake ndi imeneyi. Ndinachipana ndi miyendo, kuwerama, nkhope pafupi kuti ndione bwinobwino, n'kuyamba kupotokola.

Chinayamba n'kulira fwiii, mwaulemu ndithu, ngati chikundipatsa mpata woti ndiganizenso. Ndinanyadira kulirako. Ndinatembenuka pang'ono n'kukuwa kuti, "Mayi, tabwerani mudzaone!" Kukamwa kunali kudakali yasa pamene chitsekero chinauluka. Phuu! Zinalowa m'mphuno, m'makutu, m'thumba la malaya, zina zinakwera m'mwamba n'kundidikira kuti ndidzutse mutu, kenako n'kutsika. Zinali zofunda. Zofundazo ndiye zimandibwererabe m'maloto. Ndinaima njo, manja tambalale, nthenga imodzi itamatirira pachikope, ndikumva madontho akugwa kuchokera kuchibwano, limodzi limodzi. Galu wathu, yemwe amadya zinthu zosatchulika, anabwera, ananunkhiza, n'kupita kukagona kuseri kwa nyumba.

Mayi a kunyumba anafikadi, poti ndinawaitana. Anaima patali, mphuno atatsina. "Bambo, ndi zimenezi mumati ndidzaone?" Sopo anandipatsira pa mpini wa khasu.

Tsono apa mundimvetse. Munthu wokwiya sayeza. Manyowa otere umasungunula kaye, chitini chimodzi ku zitini 10 za madzi, chifukwa zitosi za nkhuku zili ndi nayitirojeni wambiri ndipo zimawotcha mizu. Ndinkadziwa. Koma zotsala m'chigubumo ndinazikhuthulira pa tomato momwemo, osathira madzi, kuti nazonso zione mavuto. Patatha masiku atatu masamba anali atapsa ngati ndadutsapo ndi moto. Kabichi anapulumuka chifukwa chigubu chinathera panjira.

Feteleza wogula sindinasinthe maganizo, m'dimba mwanga salowa. Njira ya manyowa amadziyo ndi yabwino, chinalakwa n'chitsekero. Umboni ulipo: pamalo pamene ndinaima paja pamera udzu wobiriwira, wofika m'mawondo, wokongola kuposa chilichonse chimene ndinadzalapo ndi manja angawa.

Chitsekerocho sitinachipezebe.