Bata la ku Japan pakati pa London

Dzulo nditaweruka ndinakumana ndi mnzanga ku The Prince Akatoki, kahotela kamene kanatsegulidwa mu 2019 kuseri kwa Marble Arch, chipilala chotchuka cha mu London. Abale inu, ukangolowa, phokoso lonse la Oxford Street limathera pakhomo. Zii!

Mkatimo mulibe zokongoletsa zambirimbiri ayi. Matabwa oyerera, nyale zofatsa, ndi malo ena ongosiyidwa opanda kanthu. Poyamba ndinkati mwina katundu wina sanafike, kenako ndinaona kuti kukongola kwake n'komweko. Akatoki ndi mawu akale a Chijapani otanthauza m'bandakucha, ndipo kuwala kwa m'menemo kulidi ngati kwa m'mamawa.

Ine ndinangomwa tiyi, za kugonamo tidzakambirana mwezi ukatha. Koma kabati yodzaza mbale ya pabalaza panga ija ichoke basi.